Chizindikiro cha E ndi 10R pa zipangizo za magetsi za galimoto: tanthauzo lake ndi udindo wathu

Unduna ukufuna kufotokozera alimi, amalonda ndi anthu onse nkhani imene simveka kawirikawiri pokambirana za chitetezo cha pamsewu, koma imene ikukulirakulira chaka ndi chaka. Nkhaniyi ndi ya kusokonezana kwa zipangizo za magetsi za pa galimoto, pa njinga zamoto ndi pa mathirakitala. Zimene zalembedwa pano si lamulo latsopano ayi. Cholinga n'chakuti aliyense woitanitsa, wogulitsa, wogula kapena womangirira zipangizozi adziwe chimene akuchita.

Ambiri a ife tinaziwonapo. Dalaivala wagula nyali zowala kwambiri za LED, makaniko wamumangirira, ndipo usiku womwewo akangoziyatsa wayilesi imayamba phokoso, mawu a muulutsi osamvekanso. Akazizimitsa, wayilesi imalankhula bwinobwino. Wina akalumikiza tchaja ya foni yotsika mtengo, siteshoni imene amamvera tsiku ndi tsiku imazimirira. Njinga yamoto ikamadutsa pafupi ndi nyumba, wayilesi ya m'nyumbamo imathetheka motsatana ndi kulira kwa injini. Anthu amaganiza kuti wayilesi yakalamba kapena eriyo yathyoka, chonsecho vuto lili pa chipangizo china.

Gwero la vutoli

Magetsi akamayenda mu waya amatulutsa mphamvu yosaoneka mozungulira wayayo. Akamadulidwa ndi kulumikizidwa mofulumira kwambiri, mphamvuyo imafalikira ngati mafunde, a mtundu womwewo ndi amene amanyamula mawu a wayilesi ndi a foni. Mapulagi a injini ya petulo amathetheka kambirimbiri pa mphindi imodzi. Kabokosi koyendetsa nyali ya LED, tchaja ya foni ndi inveta zimadula ndi kulumikiza magetsi maulendo zikwizikwi pa sekondi imodzi. Zikapangidwa mosasamala, chilichonse mwa izi chimatulutsa mafunde osafunika, ndipo mawaya a galimoto amagwira ntchito ngati eriyo yowafalitsira. Phokoso lina siliyenda mumlengalenga, limadutsa m'mawaya momwemo kuchoka pa chipangizo china kupita pa chinzake.

Pa galimoto zakale, zimene mafuta ndi mabuleki ake zinkayendetsedwa ndi zingwe ndi zitsulo zokha, chimene chinkavutika ndi phokosoli chinali wayilesi basi. Galimoto ya lero ndi yosiyana. Injini yake imalamulidwa ndi kompyuta. Mabuleki a ABS amadalira timasensa towerenga liwiro la tayala lililonse. Ma airbag, chiwongolero chothandizidwa ndi magetsi ndi giya yosintha yokha, zonsezi zili ndi makompyuta ake amene amatumizirana uthenga pa mawaya ang'onoang'ono. Uthengawo umayenda ndi magetsi ochepa kwambiri, motero phokoso lamphamvu likhoza kuusokoneza. Walira mvula walira matope: zipangizo zimene zapangitsa galimoto kukhala yosamwa mafuta ambiri ndi yotetezeka ndi zomwezo zimene zimafuna chisamaliro chatsopano.

Pachifukwa ichi akatswiri amafuna zinthu ziwiri pa galimoto ndi pa chipangizo chilichonse cha magetsi. Choyamba, chisatulutse phokoso lopitirira muyeso. Chachiwiri, chipirire phokoso lochokera kwina popanda kulakwitsa ntchito yake. Zinthu ziwirizi pamodzi ndi zimene pa Chingerezi amazitchula kuti electromagnetic compatibility, mwachidule EMC, kutanthauza kukhalirana bwino kwa zipangizo za magetsi.

Lamulo nambala 10

Mu 1958 mayiko angapo a ku Ulaya anasainirana pangano mumzinda wa Geneva loti azigwiritsa ntchito miyeso yofanana pa galimoto ndi zipangizo zake, ndiponso kuti dziko lina likayesa ndi kuvomereza chipangizo, mayiko enawo azilandira chilolezocho osayesanso. Panganoli lili pansi pa bungwe la United Nations, ndipo malamulo ake amakonzedwa ndi gulu lotchedwa WP.29. Patapita zaka linatsegulidwa kwa mayiko a kunja kwa Ulaya. Japan inalowa mu 1998 ndipo South Africa inalowa mu 2001. Dziko lililonse limasankha malamulo amene lidzawatsate mwa malamulo oposa 160 amene alipo, okhudza mabuleki, matayala, nyali, malamba ndi zina.

Lamulo la nambala 10 ndilo lokhudza EMC. Linayamba kugwira ntchito mu 1969, ndipo pa nthawiyo linkangoona za phokoso la mapulagi limene linkasokoneza wayilesi ndi wayilesi yakanema m'nyumba za anthu. M'zaka za m'ma 1990 linawonjezeredwa gawo la kupirira phokoso, chifukwa makompyuta anali atalowa m'galimoto. Pambuyo pake linayamba kukhudzanso galimoto zoyendera batire pamene zikutchajidwa. Kusintha kulikonse kwakukulu kumapatsidwa nambala yake: kwa 05 kunabwera mu 2014, kwa 06 mu 2019, ndipo kwa 07 kwayamba kugwira ntchito mu 2025. Lero lamuloli likukhudza galimoto zonyamula anthu, zonyamula katundu, ngolo zokokedwa, njinga zamoto ndiponso mathirakitala.

Chilolezo chimene chimaperekedwa ndi cha mtundu wa chinthu, osati cha chinthu chimodzichimodzi. Wopanga amapereka chitsanzo ku labotale yovomerezeka. Chikapambana mayeso, boma la dziko limene wapemphako limapereka nambala ya chilolezo, ndipo wopangayo amalonjeza kuti zonse zimene adzatulutse zidzafanana ndi chitsanzocho. Boma lopereka chilolezo lili ndi mphamvu yoyendera fakitale, kuyesanso katundu ndi kulanda chilolezocho ngati lonjezolo laswedwa.

Mmene mayeso amachitikira

Galimoto imalowetsedwa m'chipinda chachikulu chotchingidwa ndi zitsulo, chimene makoma ake anakutidwa ndi zinthu zomeza mafunde, kuti phokoso lakunja lisalowe. Poyesa phokoso limene galimoto ikutulutsa, eriyo imaikidwa pa mtunda wa mamita 10 kapena 3, ndipo amayesa mafunde a pakati pa 30 ndi 1000 MHz. M'kati mwa malire amenewa ndi mmene muli mawayilesi a FM, amene kuno kwathu amamveka pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, komanso wayilesi yakanema ndi mawayilesi olankhulirana a ntchito zosiyanasiyana.

Poyesa kupirira, zinthu zimatembenuka. Galimoto imayendetsedwa pa zogudubuza pa liwiro la makilomita 50 pa ola, nyali zikuyaka ndi zopukutira galasi zikugwira ntchito, kenaka imawombedwa ndi mafunde amphamvu ya mavoti 30 pa mita. M'malamulo a 06 mafundewo amayambira pa 20 kufika pa 2000 MHz. Liwiro likasintha lokha kupitirira magawo 10 pa 100 aliwonse, nyali zikazima, hutala ikalira yokha kapena airbag ikaphulika, galimotoyo yalephera. Zipangizo zogulitsidwa pazokha zimayesedwa patebulo, pamodzi ndi mawaya ake, ndipo zimayesedwanso ngati zingapirire kukwera ndi kutsika kwadzidzidzi kwa magetsi kumene kumachitika poliza injini kapena pozimitsa chipangizo china.

Mayeso oterewa amafuna nyumba ndi makina odula kwambiri. Sangachitikire pachipata cholowera m'dziko, kumsika kapena pamalo oyeserapo galimoto popereka COF. N'chifukwa chake chizindikiro ndi mapepala ochokera kwa wopanga zili zofunika kwa ife amene timagula katundu wopangidwa kwina.

Kuwerenga chizindikiro

Chizindikirochi ndi chilembo chachikulu cha E pamodzi ndi nambala, zonse zili m'kati mwa mzere wozungulira. Nambalayo imasonyeza dziko limene linapereka chilolezo: 1 ndi Germany, 2 ndi France, 4 ndi Netherlands, 9 ndi Spain, 11 ndi Britain, 13 ndi Luxembourg, 24 ndi Ireland, 43 ndi Japan ndipo 47 ndi South Africa. Pambali pake pamalembedwa 10R, kenaka nambala ya chilolezo, imene manambala ake awiri oyambirira amasonyeza kusintha kwa lamulo kumene kunatsatidwa, monga 05 kapena 06.

Pali mfundo zinayi zimene amalonda ayenera kuzigwiritsitsa. Yoyamba, nambala ya m'kati mwa mzerewo si dziko limene chinthucho chinapangidwira. Nyali yopangidwa ku China ikhoza kukhala ndi E4 kapena E13 moyenerera, ngati wopangayo anapempha chilolezo ku mayiko amenewo. Yachiwiri, chilembo cha E chokha sichikwanira. Tayala, galasi ndi nyali zimakhala ndi E chifukwa cha malamulo ena. Chimene chikusonyeza kuti chinthu chinayesedwa pa za phokoso la magetsi ndi 10R. Yachitatu, zipangizo zakale za ku Ulaya zimakhala ndi chilembo chaching'ono cha e m'kabokosi ka ngodya zinayi, chimene chinkaperekedwa pansi pa malamulo a European Union okhudza nkhani yomweyi. Yachinayi, chizindikiro cha CE n'chosiyana ndi cha E. Pa zipangizo zambiri, CE ndi mawu a wopanga mwiniwake oti watsata malamulo, pomwe E imaperekedwa ndi boma pambuyo pa mayeso.

Si chinthu chilichonse chimene chimafuna 10R. Mapulagi, mawaya ndi zina zopanda timakina ta magetsi m'kati mwake sizikhala ndi chizindikirochi. Lamuloli limalolanso kuti chipangizo chowonjezera chimene sichikhudza kayendetsedwe ka galimoto kapena chitetezo cha anthu chigulitsidwe ndi chikalata cha wopanga chotsimikiza kuti chikutsata miyeso. Koma chimene chikukhudza injini, mabuleki, chiwongolero, nyali zakutsogolo, maindiketa, hutala kapena mawaya a uthenga wa makompyuta chimayenera chilolezo chathunthu. Komanso galimoto imene inapangidwira msika wa m'dziko lakwawo, monga zambiri zochokera ku Japan, ikhoza kusaonetsa chizindikirochi ngakhale inavomerezedwa pansi pa malamulo a kwawoko.

Chifukwa chake nkhaniyi ikumveka tsopano

Galimoto zoyendera batire zabweretsa vutoli poyera. Mota yake imayendetsedwa ndi inveta imene imadula magetsi amphamvu kwambiri mofulumira, ndipo phokoso lake limagwera m'mafunde a wayilesi za AM. Makampani ena anaona kuti n'kwapafupi kuchotsa AM m'galimoto zawo kusiyana ndi kuthetsa phokosolo. Ku United States zimenezi zinabutsa mkangano mu 2023, popeza machenjezo a ngozi zadzidzidzi amaulutsidwanso pa AM. Aphungu a nyumba ya malamulo anabweretsa bilu yokakamiza kuti AM ikhalebe m'galimoto, ndipo kampani ya Ford inasintha maganizo ake n'kulengeza kuti iisunga. Kwa dziko ngati lathu, kumene machenjezo a namondwe ndi kusefukira kwa madzi amafika kumidzi kudzera pa wayilesi, phunziro lake n'lomveka: kumveka bwino kwa wayilesi si nkhani ya nyimbo zokha.

Galimoto kapena njinga yoyendera batire ikalumikizidwa ku magetsi a m'nyumba, a mavoti 230, imakhala mbali ya magetsi a dera lonselo. Tchaja yosapangidwa bwino ikhoza kubwezera phokoso m'mawaya n'kusokoneza zipangizo za anansi, ndipo nayonso iyenera kupirira magetsi akakwera mwadzidzidzi chifukwa cha mphezi kapena pobwerera atazima. Lamulo nambala 10 limayesa zonsezi. Kusintha kwa 07 kwakweza malire a mayeso a kupirira kuti afike pa mafunde apamwamba amene mafoni atsopano ndi intaneti yopanda waya zikugwiritsa ntchito.

Si vuto lililonse limene limachokera ku mafunde

Unduna sukufuna kuti anthu ayambe kuloza chala mafunde pa chilichonse chovuta. M'zaka za 2009 ndi 2010 kampani ya Toyota inaitanitsa galimoto mamiliyoni ku United States chifukwa cha madandaulo oti zina zinkathamanga zokha. Ambiri anakhulupirira kuti makompyuta ake ankasokonezedwa ndi mafunde. Bungwe loona za chitetezo cha pamsewu m'dzikolo, NHTSA, linapempha akatswiri a NASA kuti afufuze, ndipo mwa zina anawomba galimotozo ndi mafunde amphamvu. Zotsatira zimene zinalengezedwa mu Febuluwale 2011 zinati sanapeze vuto la magetsi lochititsa zimenezo. Zifukwa zimene zinatsimikizika zinali makapeti opanikiza chopondera mafuta ndi zopondera zina zochedwa kubwerera. Galimoto yoyesedwa bwino, ikakhala mmene inachokera ku fakitale, imapirira kwambiri.

Chitsanzo china chili pafupi. Wayilesi ya galimoto yochokera ku Japan nthawi zambiri imalekera pa 90 MHz, chifukwa FM ya kumeneko imayambira pa 76 MHz. Ikalephera kugwira masiteshoni ena a kuno, silikhala vuto la phokoso. Wayilesiyo inangopangidwira dziko lina.

Pamene udindo wathu wagona

Pafupifupi galimoto zonse za m'misewu yathu zinapangidwa kunja. Zimadzera ku madoko monga Dar es Salaam, Beira ndi Durban, n'kulowa pa Songwe, Mwanza kapena Dedza, zambiri zitagwira kale ntchito zaka zingapo. Mayeso a EMC anachitika kalekale, pa galimoto ya mtunduwo ili yatsopano, ndi mawaya ake, mapulagi ake ndi nyali zake. Chilolezocho chimanena za galimoto imeneyo. Sichinena chilichonse za galimoto imene yafika kuno n'kuikidwa nyali zina, alamu, thiraka, ampulifaya yaikulu, inveta ndi matchaja atatu, zonse zolumikizidwa podula mawaya paliponse pamene makaniko wapeza magetsi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chitetezo chimenechi chimaperekedwa ku fakitale, koma chimasungidwa kapena kutayika m'sitolo ya zipangizo ndi kugalaja. Wamalonda amene akusankha katoni yoti aitanitse, ndi makaniko amene wagwira waya ndi mpeni, ndiwo amagamula ngati minibasi yonyamula anthu, lole yonyamula fodya kapena njinga ya kabaza ikhalebe mmene inayesedwera.

Mabungwe a boma ali ndi mbali zawo. Malawi Bureau of Standards imaona za miyeso ya katundu. MACRA imayang'anira mafunde a wayilesi ndi kuvomereza zipangizo zolumikizirana, choncho chipangizo chimene chimaulutsa mafunde mwadala, monga wayilesi yolankhulirana, chimakhudzanso bungweli. Nthambi yoona za pamsewu imayesa ngati galimoto ili yoyenera kuyenda. Koma palibe bungwe limene lingaime pambali pa makaniko aliyense m'dziko muno.

Zimene Unduna ukupempha

Kwa amalonda oitanitsa ndi kugulitsa zipangizo: chizindikiro chikhoza kudindidwa mwachinyengo, motero musakhutire ndi chilembo cha pa katoni. Pemphani chikalata cha chilolezo kwa amene akukugulitsani, ndipo onani ngati nambala, dzina la wopanga ndi mtundu wa chipangizo zikugwirizana ndi zimene zalembedwa pa chinthucho. Chilembo cha E chopanda nambala ya chilolezo pambali pake n'chokayikitsa. Sungani zikalatazi, pakuti zidzakutetezani kasitomala akabwera ndi dandaulo. Nthawi zambiri chimene chimachotsedwa kuti chipangizo chitsike mtengo ndi tizigawo tosefa phokoso, timene wogula sangatione ndi maso.

Kwa amakaniko: tengani magetsi pamalo oyenera, kudzera pa fiyuzi, ndipo waya wa ethi ukhale waufupi, womangidwa zolimba pa chitsulo chopanda dzimbiri. Musadule kapena kumasula mawaya awiri opotana, chifukwa nthawi zambiri ndi amene amanyamula uthenga wa makompyuta kapena wa masensa. Mawaya a ampulifaya ndi a inveta asayende limodzi ndi a ABS kapena a airbag. Pamene wopanga analamula mapulagi kapena zisoti zake zokhala ndi resistor, bwezerani za mtundu womwewo. Izi n'zofunika kwambiri pa njinga zamoto. Chizolowezi chochotsa waya wa batire injini ikulira, pofuna kuyesa alitaneta kapena kubwereka batire, chisiyidwe. Chimakweza magetsi mwadzidzidzi ndipo chikhoza kuwotcha kompyuta ya injini. Powotcherera zitsulo pa lole kapena pa thirakitala, yambani mwachotsa mawaya a batire injini ili yozima, ndipo tsatani malangizo a wopanga. Pomangirira wayilesi yolankhulirana, onani buku la galimotoyo pa za malo oikapo eriyo ndi mphamvu yololedwa.

Kwa alimi, eni galimoto ndi oyendetsa kabaza: pali njira yapafupi yoyesera musanalipire. Imitsani galimoto, tsegulani wayilesi pa siteshoni imene ikumveka chapatali, kenaka yatsani chipangizo chatsopanocho. Phokoso likakwera pochiyatsa n'kutha pochizimitsa, chipangizocho chikutulutsa mafunde osafunika. Wayilesi ikakhala chete sizitanthauza kuti zonse zili bwino, koma ikachita phokoso mwapeza umboni wokwanira wobwezera katunduyo. Chenjeraninso ngati, mutangoika chipangizo, nyali yochenjeza ya ABS, ya airbag kapena ya injini yayamba kuyaka, rimoti ya zitseko yasiya kugwira muli patali, kapena thiraka ikutaya malo. Musamate nyali yochenjezayo kapena kuchotsa babu lake. Chotsani chipangizo chatsopanocho, muone ngati vuto latha, ndipo likapitirira pitani kwa makaniko wodziwa za magetsi musanayambe kunyamula anthu kapena katundu. Mlimi amene akugula thirakitala yatsopano kapena kubwereka ya gulu akumbukire kuti zambiri za masiku ano zili ndi makompyuta ngati galimoto, ndipo ikaima nthawi yolima chifukwa cha waya wodulidwa molakwika, mvula siidikira.

Unduna ukukumbutsa anthu onse kuti pogula chipangizo cha magetsi cha pa galimoto, funso lisangokhala loti chikuwala bwanji kapena n'cha ndalama zingati. Funsaninso kuti chinayesedwa kuti, ndipo chikalata chake chili kuti. Safunsa anadya phula.

Yatulutsidwa ndi Ofesi ya Mneneri wa Unduna